Mbaula M'chipinda cha Anapiye

"Mutu uja wayambanso," anatero bambo a mapasa akutuluka m'chipinda cha anapiye. Anatseka chitseko msanga, nakankhira chisaka kunsi kwake ndi phazi kuti mphepo isalowe.

Mayi a mapasa anali pakhonde akumanga mpango, chikwama chili kukhwapa. Mapasawo anali atapita kale kusukulu. Ili linali tsiku lachinayi chifikireni anapiye mazana awiri pakhomopo, komanso lachitatu chiyambireni mutu wa amuna awo.

"Dzulo anakuyezani malungo sanapeze kanthu. Lero mupitenso akakuoneni bwino."

"Ndipitenso kukatani? Dzulo mutuwo unathera panjira. Ndinafika kwa dokotala ndili gwa, ngati munthu wonama. Akandionanso lero aziti bamboyu akufuna namwino."

"Namwino wake uti angakufuneni ndi utuchi uli m'tsitsiwo?"

Bambowo anaseka, koma kusekako kunawapweteka. Anagwira pachipumi, natsamira khoma.

Chitsekedwereni kampani yosindikiza mabuku imene ankagwirako ntchito, bambo a mapasa sankatha kukhala pansi. Ankasesa posesa kale, ankakonza zinthu zosawonongeka. Anapiyewa anawapatsa pogwira. Anachotsa katundu m'chipinda chakuseri, anathira utuchi pansi, ndipo popeza kunja kunkazizira kwambiri, anakhomera mapepala a pulasitiki pazenera, timabowo ta mpweya tam'mwamba anatitseka ndi nyuzipepala. Pakati pa chipindacho anaikapo mbaula ziwiri zamakala. Iwo ankakhala pakampando pafupi nazo kuyambira m'mawa, kuyang'ana mwanapiye aliyense ngati akuwadziwa mayina.

"Ena akuoneka ofooka," anatero. "Akungosinza. Ndiye kuti kuziziraku kukuwapezabe. Ndiwonjezera makala."

"Muyambe mwamwa tiyi. Ine ndikagule katemera ndi chakudya chawocho, sindichedwa."

Koma anachedwa. Kusitolo ya zanyama kunali mzere, ndipo atafika kutsogolo wogulitsa anawafunsa ngati akufuna chakudya chaufa kapena cha timibulu. Sanadziwe. Anaimbira amuna awo. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso. Anaimba kachitatu ali kale panja, thumba la chakudya lili pamutu, ndipo mtima unayamba kuwauza zinthu zimene sankafuna kumva. Bambo a mapasa ankayankha foni ngakhale ali kubafa.

Atafika pakhomo mayiwo anapeza tiyi ali patebulo, wazizira. Mng'ono wawo, amene aliyense ankangomuitana kuti Chitsiriza, anali kuchipinda akupinda zovala za mwana amene ankamuyembekezera. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ankakhala nawo chifukwa mwamuna wake ankagwira ntchito kutali.

"Alamu ako ali kuti?"

"Kwa ana awo aja. Sanatulukemo chichokereni inu."

Chitseko cha anapiye chinatseguka pang'ono n'kukana. China chake chinali chitatsekereza mkati. Mayi a mapasa anakankha ndi phewa, ndipo anaona phazi. Amuna awo anali chigonere chammbali pautuchi, dzanja limodzi lili m'chomwera cha anapiye, masanzi ali pakolala.

Sanakuwe. Anawagwira m'khwapa n'kuyamba kukoka chobwerera. Mkatimo munali mofunda ngati m'thumba, ndipo pamene ankafika nawo pabwalo mutu wawo nawonso unali utayamba kulemera. Anaganiza kuti ndi mantha.

"Thamanga kwa a Hutala," anauza mng'ono wawo. "Ayi, usathamange. Yenda, koma fulumira."

A Hutala ankakhala nyumba yachitatu, ndipo ankanyamula katundu wa anthu pa kagalimoto kawo kotsegula kumbuyo. Dzinali analitenga chifukwa ankaliza hutala ngakhale mumsewu mulibe munthu. Anabwera atavala nsapato imodzi, m'manja muli paketi ya mkaka.

"Amwetseni uwu. Chilichonse chimene chalowa m'thupi, mkaka umatsuka."

"Munthu sakumeza, alamu. Mukufuna atsamwe? Gwirani miyendo."

Anawagoneka chammbali kumbuyo kwa galimoto, mutu uli pamwendo pa akazi awo. Injini italira, mayi a mapasa anaona chitseko cha anapiye chili pululu. Anaganiza za amuna awo akudzuka n'kumva kuti anapiye onse afa ndi mphepo.

"Chitsiriza, tseka chitsekocho. Uwonjezere makala, ndipo ukhale nawo pang'ono, uone ngati akumwa madzi. Muli mofunda, sumva kuzizira."

Panjira mphepo inkawomba kumaso kwa wodwalayo. Atadutsa pamsika anabuula, natsegula maso pang'ono, koma sanawazindikire akazi awo. Anatchula dzina la makina ena a kuntchito kwawo kwakale, n'kutsekanso maso.

Kuchipatala anawaika pabedi la matayala. Namwino wina wamtali anawapana chala ndi kachipangizo kooneka ngati chopanira zovala, anawayeza kuthamanga kwa magazi, anawabaya chala kuona shuga.

"Mpweya m'magazi ukuoneka kuti uli bwino. Shuga alinso bwino. Amamwa mowa bambowa?"

"Anasiya mapasa asanabadwe."

"Matenda akugwa?"

"Ayi. Mutu wokha, masiku atatu. Ndi nseru."

Dokotala anali mayi wachitsikana wovala magalasi, wolankhula mosathamanga. Anakweza zikope za wodwalayo, anamvetsera pamtima, kenako ananunkhiza juzi yawo.

"Munawapeza kuti, mayi?"

"M'chipinda cha anapiye."

"Mumawafunditsa ndi chiyani anapiyewo?"

"Mbaula. Ziwiri."

"Mawindo?"

"Anatseka ndi pulasitiki. Kuopa mphepo."

"Mutuwo umasiya akatuluka panja?"

Mayi a mapasa anavomera ndi mutu. Dokotala anatembenukira kwa namwino. "Kachipangizo ka pachalako kakutinamiza, sikasiyanitsa mpweya wabwino ndi woipa. Bweretsani okosijeni, masiki yokhala ndi kathumba ija, mutsegule mpaka kumapeto." Kenako anati kwa mayiwo, "Amuna anu apuma mpweya wa makala. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wotchedwa kaboni monokisaidi. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kukhala pamalo pa mpweya wabwino, ndiye ubongo ndi mtima zimayamba kusowa chopuma munthu akupuma ndithu. M'chipindamo musalowe munthu aliyense mpaka mutapita mphepo."

Mayi a mapasa anamugwira mkono dokotalayo.

"Muli mng'ono wanga. Ndamuuza ndine kuti akhalemo. Ndi woyembekezera."

Dokotala anasiya kulemba. "Muimbireni pompano."

Foni ya Chitsiriza inaitana, inaitana, n'kuduka. Mayiwo anaimbanso akuthamanga kale m'khonde la chipatala, dokotala akuwatsatira ndi mawu: "Mutsegule chitseko ndi mawindo. Mukokere mpweya panja, mulowe osapuma, mumutulutse. Ngakhale anene kuti ali bwino, mubwere naye."

A Hutala anali akutembenuza galimoto pageti. Mayi a mapasa anamenya chitseko chake ndi chikhatho, nalowa isanaime n'komwe.

Msewu umene anaudutsa mosavuta pobwera unali utadzaza. Lole ina inali itafera pamphambano, ndipo magalimoto ankayenda ngati akuperekeza maliro. A Hutala anagona pahutala. Mayi a mapasa anaimbira mayi a pagolosale yapafupi ndi kwawo, foni inali yothima. Anaimbira akazi a Hutala, anali kuchigayo. Anatsegula chitseko kuti atsike azithamanga, a Hutala anawagwira mkono.

"Wapansi mufika mawa, mlamu. Khalani." Anakhotetsa galimoto n'kulowa kanjira ka pakati pa nyumba, nkhuku ndi mabeseni zikuthawa kutsogolo kwawo.

"Ndamuuza ndine," mayiwo ankangobwereza. "Ndati muli mofunda."

"Inunso simumadziwa. Ine ndabwera ndi mkaka, mwaiwala?"

Chitseko cha anapiye chinali chotseka bwinobwino, chisaka chili kunsi kwake monga ankachitira mwini wake. Mayi a mapasa anakoka mpweya, nakankha. Chitsiriza anali pakampando kaja, msana uli kukhoma, maso ali otsegula. Anawayang'ana achemwali ake ngati akuwaonera patali.

"Ndimafuna kudzuka," anatero mwaulesi. "Miyendo ikukana."

Anamunyamula awiri, wina uku wina uku. Atamukhazika pabwalo, a Hutala anazungulira kuseri, nang'amba mapulasitiki a pazenera, natulutsa mbaula zonse ziwiri ndi fosholo n'kuzithira madzi. Pautuchi anapiye ambiri anali atagona chagada, timiyendo tili m'mwamba. Panalibe amene anawayang'ana kawiri.

Chitsiriza anasanza kawiri panjira. Mphepo itamuwomba anayamba kulankhula zomveka.

"Achemwali, mwanayu wangokhala chete. M'mawa amandimenya."

"Wagona. Nawenso unali waulesi chomwecho m'mimba mwa amayi."

"Munaliko inu?"

"Ndinali ndi zaka khumi, ndinkamva amayi akudandaula."

Anayesa kuseka onse awiri, koma dzanja la Chitsiriza silinachoke pamimba.

Kuchipatala anamugoneka pabedi lachitatu kuchokera pa alamu ake, nayenso masiki kumaso, silinda yaitali ya okosijeni ili kumutu. Kunabwera mzamba wachikulire ndi kamakina komvetsera mtima wa mwana. Anapaka mafuta ozizira pamimba n'kuyamba kufufuza. Kamakinako kankangolira ngati wailesi yosowa siteshoni. Anasunthira kumanzere. Anasunthira kunsi. Mayi a mapasa anaima kumiyendo kwa bedi atagwira chitsulo. Mzambayo sanayang'ane munthu aliyense. Anakanikiza pambali ndi chikhatho, nasunthanso kamakinako, ndipo mwadzidzidzi munamveka kugunda kofulumira, ngati kamwana kakuthamanga pasimenti.

"Ndi ameneyu," anatero mzamba. "Anabisala kumsana. Koma tizimumvetsera pafupipafupi."

Misozi ya Chitsiriza inatsikira m'mbali mwa masiki n'kulowa m'makutu.

Dokotala anawaitanira pambali mayi a mapasa. Anawafunsa ngati iwonso mutu ukuwawawa, ndipo atavomera anawakhazika pafupi ndi zenera lotsegula kuti namwino aziwaona.

"Mankhwala ake ndi okosijeni yemweyu," anatero. "Amakankha mpweya woipawo kuti utuluke m'magazi msanga. Bambowa akhala nayo maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo tiwayeza mtima. Mng'ono wanuyu akhala nayo nthawi yaitali kuposa apo, chifukwa mwana wam'mimba amachedwa kuuchotsa kusiyana ndi mayi ake. Onse agona kuno."

"Achira?"

"Ndikuyembekeza choncho. Koma muziwayang'ana masabata akubwerawa. Ena amayamba kuiwalaiwala, kapena kusintha khalidwe, kapena kuyenda mopepesuka, patapita masiku ataoneka ngati achira. Mukaona zotero musadikire, mubwere nawo."

Dzuwa litapendeka bambo a mapasa anatsitsimuka kwenikweni. Chinthu choyamba anachita n'kukoka masiki ija.

"Bwezerani," anatero akazi awo.

"Ikundithina. Ndili bwino ine. Anapiye ali ndi ndani?"

"Bwezerani kaye."

"Nthawi ino mbaula zazima. Mukudziwa kuti akazizidwa ola limodzi lokha..."

Namwino wamtali uja anafika n'kuibwezera yekha masikiyo, namangitsa lamba wake. "Bambo, mukaichotsanso ndikumangani manja ndi bandeji. Ndamva kuti mumafuna namwino, ndiye mwam'peza."

Bambowo anayang'ana akazi awo mowadandaula kuti aulula. Mayi a mapasa sanaseke. Anawatembenuzira mutu kumanja ndi dzanja, mofatsa, kuti aone bedi lachitatu. Anayang'ana nthawi yaitali. Anaona mimba, anaona silinda, anaona mzamba akupukuta kamakina kake.

"Wadwala chiyani mlamu?" Mawu ankamveka ngati akuchokera m'chitini.

"Chomwe mwadwala inu. Mbaula zija. Nditakutulutsani ndinamulowetsamo iyeyo kuti asamale anapiye anu."

"Mwana?"

"Mtima ukugunda."

Bambo a mapasa anatseka maso. Sanaigwirenso masiki ija, ndipo sanafunsenso za anapiye.

Panatsala ntchito imodzi imene mayi a mapasa ankaizengereza. Anatuluka panja, anayenda mpaka kugeti, anabwerera, anakhala pabenchi, anadzukanso. Kenako anaimbira mwamuna wa Chitsiriza. Anamuuza zonse motsatana, osachotsapo mbali yawo. Mwamunayo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinamusiya kwa inu kuti akhale pabwino, alamu."

"Ndikudziwa."

"Ndikwera basi yoyamba mawa."

Foni inaduka. Mayiwo anakhala ataigwira kukhutu kanthawi ndithu.

Atabwerera m'wodi anapeza Chitsiriza akuwakodola. Anawagwira dzanja n'kuliika pamimba pake. Pansi pa chikhatho chawo china chake chinagunda kamodzi, kenako kawiri.

"Wadzuka," anatero Chitsiriza m'kati mwa masiki. "Akukufunsani kuti munamuikiranji mu uvuni."

"Umuuze kuti azakhali ake ndi chitsiru."

"Ndamuuza kale."

Tsiku lotsatira chakumasana anatulutsa bambo a mapasa okha. Chitsiriza anatsala kuti amuonebe tsiku lina, mwamuna wake ali pampando pambali pake, wosalankhula zambiri koma atalandira moni. A Hutala anabwera kudzawatenga, ndipo ulendo wonse sanalize hutala ngakhale kamodzi.

Pakhomo anapeza kuti akazi a Hutala anagoneka mapasa kwawo, natolanso anapiye amoyo n'kuwaika m'makatoni awiri pabalaza, pakati pawo pali mabotolo a madzi otentha okulungidwa m'nsanza. Anatsala osakwana theka. Bambo a mapasa anagwada pa katoni, nalowetsa dzanja. Kamwanapiye kena kanakwera pachikhatho n'kuyamba kujompha mphete yawo.

"Ndinkaona akusinza, ine n'kumawonjezera makala," anatero. "Masiku atatu."

"Lowani mukagone. Dokotala wati mupume."

Mayi a mapasa anapita kuseri kukakwirira anapiye akufa aja, amene akazi a Hutala anawasonkhanitsa m'thumba. Akukumba pafupi ndi mpanda, anamva kulira kwa anapiye ena kutsidya kwake. Anasuzumira pampata wa malata.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala mayi wina wosoka zovala. Iye ndi mayi a mapasa anali asakulankhulana chaka chathunthu, chiyambireni mkangano wa madzi osambira amene ankadutsa kunsi kwa mpanda n'kudzadikha pakhomo pa mnzake. Panalankhulidwa mawu oipa mbali zonse ziwiri, ena okhudza amuna, ena okhudza ana. Akakumana pampopi wina ankayang'ana kumwamba, wina pansi. Tsopano mayi a mapasa anaona kuti telalayo nayenso wayamba anapiye. Kachipinda kake kanali ndi pulasitiki wakuda pazenera, wokhomedwa bwino ndi timatabwa m'mbali monse, ndipo iye anali akulowa ndi mbaula yoyaka, mwana wake wamng'ono ali kumsana. Analowa n'kukoka chitseko.

Mayi a mapasa anaima ndi khasu m'manja. Anakumbukira mawu amene mayiyo ananena za amuna awo atachotsedwa ntchito, pamaso pa anthu, ndipo anawamvanso kuwawa ngati anenedwa dzulo. Anaika khasu pansi. Sanasambe m'manja, sanasinthe nsapato. Anatuluka pageti, nazungulira mpanda wonse mofulumira, nalowa pabwalo limene analumbira kuti sadzapondapo. Sanaodire pakhomo la nyumba. Anapita molunjika pa kachipindako n'kugogoda ndi nkhonya.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Telalayo atawaona nkhope yake inauma.

"Mwasochera?"

"Ayi. Tulutsani mwanayo kaye panja, chitsekocho muchisiye chotsegula. Mukatero munditukwane bwino, ndili ndi nthawi."

Mayiyo anawayang'ana kumaso, nayang'ana manja awo adothi. Anali atamva hutala dzulo lake, kawiri konse, ndipo anali ataona amene ananyamulidwa. Anatuluka, nakankha chitseko mpaka chinagunda khoma. Kenako anakoka benchi imene inali pakhonde, naipukuta ndi m'mphepete mwa nsalu yake.

"Khalani apa," anatero. "Ali bwanji alamu?"